Chitini Chimodzi, Miyendo Inayi

Dzina loti Chikepe anamupatsa ndi alonda a pa nyumba ya maofesi imene iye amakolopa. Nyumbayo ndi ya nsanjika khumi ndi ziwiri, ndipo chikepe chake chenicheni chimagwira ntchito chikafuna, ngati mwana wa bwana. Tsiku limene chafa, abambo a mataye amafika pa nsanjika yachinayi atagwira khoma, kukamwa kuli yasa, pamene mayiyu amawadutsa ndi ndowa ziwiri zodzaza madzi, mopu ali m'khwapa, n'kuwapatsanso moni. Mlonda wina ndiye anauza anthu kuti asiye kudandaula, chikepe chawo ndi icho chikukwera ndi ndowa apocho. Dzinalo linamatirira mpaka lero.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Masitepe a nyumbayo amawadziwa kuposa mmene amadziwira abale ake ena: iyo yobenthuka pa nsanjika yachitatu, iyo imene anthu amakonda kumatapo chingamu, ndi kachipinda ka pansi pa masitepe kosungiramo matsache, komwe ndi ofesi yake. Ndi wamfupi, wa akatumba olimba, ndipo sadziwa kuyenda pang'onopang'ono ngakhale popita kokagula mchere.

Ali mtsikana ankathamanga mamita 800, mpikisano wozungulira bwalo kawiri umene anthu osadziwa amati ndi waufupi. Ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi anasankhidwa kukathamanga ku mpikisano waukulu wa dziko lonse. Dzina linalembedwa, yunifolomu anamuyesa. Kutatsala mwezi kuti anyamuke anapezeka kuti ndi woyembekezera, ndipo dzina lija analifufuta ndi cholembera iye akuona. Sanalire pagulu. Anabereka mwana wamkazi, kenako anyamata awiri, n'kuyamba ntchito yokolopa, zothamanga zija zinatsala m'miyendo mokha.

Mwana wamkaziyo atakula nayenso anayamba kuthamanga. Anzake anamutcha Nthenga chifukwa ndi wopepuka, ndipo akamathamanga umachita kufuna kumangomuyang'ana. Chikepe ankamuperekeza ku kalabu Loweruka, ntchito yake n'kugwira juzi ya mwana ataima kumpanda. Anagwira juziyo chaka chathunthu. Tsiku lina zinamunyansa kuona atsikana amiyendo yabwinobwino akufooka pakona yomaliza ngati abwereka mapapo, ndiye anapachika juzi pawaya, anavula nsapato, n'kulowa m'bwalo ndi siketi yake. A kochi, bambo wa mimba yotsogola amene amaliza wenzulo ngakhale poitana mwana wawo yemwe, anayang'ana wotchi, anaigwedeza, n'kuiyang'ananso. Kuyambira tsiku limenelo juzi aliyense ankadzigwirira yekha.

Kuthamanga kwa Chikepe si kokongola, tisanamizane. Amathamanga ngati munthu amene basi ikumusiya. Koma ulendo wachiwiri wozungulira bwalo, pamene ena miyendo imawotcha n'kukana, iye amangopitirira.

Chaka chino kalabu inauzidwa kuti ku mpikisano waukulu uja itumize mkazi mmodzi yekha pa mamita 800. Mmodzi. Mwa akazi onse a pa kalabupo, aliwiro anali awiri, ndipo onse ankagona m'nyumba imodzi. A kochi analengeza kuti pakatha masabata asanu ndi limodzi padzakhala mpikisano wosankha, amene adzapambane ndiye adzakwere basi.

Tsiku lomwelo anatulutsa zitini za ufa woyera zimene sitolo ina yogulitsa za masewera inapatsa kalabu. Ufawo dzina lake ndi beta-alanini. Chitini chimodzi anachipereka m'manja mwa Chikepe, amvekere ichi ndi cha kunyumba kwanu, koma maso awo anali pa Nthenga. Ngakhale mwana wakhanda akanamva chimene ankatanthauza.

Anyamata a pa kalabupo anali ndi kamwedwe kawokawo ka ufawu. Kukatsala theka la ola kuti athamange, aliyense ankathira supuni yosefukira m'botolo la madzi, kugugudiza, n'kukhala pansi kudikira. Posakhalitsa makutu ankayamba kunyerenyetsa, kenako kumaso ndi m'manja, ngati wagona pa nyerere. Apo ndiye ankadumphadumpha akudzikanda, kuuzana kuti yalowa. Amene sanayabwidwe ankadandaula kuti amupatsa ufa wabodza. A kochi nawo ankagwedezera mutu mokhutira, poti kwa iwo mankhwala osamveka m'thupi si mankhwala.

Chikepe sameza chinthu chifukwa choti anyamata akudumpha. Lolemba anatenga chitini kupita nacho pa nsanjika yachisanu, pamene pali kachipatala, n'kuchionetsa kwa anamwino amene amawakolopera. Anamwinowo anavala magalasi, anawerenga zolemba zing'onozing'ono zija, anafufuzanso pa foni, ndipo anamuuza kuti ufawu si woletsedwa pa mipikisano. Koma kuyabwa kuja si mphamvu ayi, ndi khungu chabe limene likudabwa ndi ufa wambiri nthawi imodzi. Ntchito yake yeniyeni imabwera munthu akamamwa pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, tsiku lililonse kwa masabata, mpaka zimene umapanga zitaunjikana m'minofu. Zikatero, kuwotcha kwa miyendo kwa kumapeto kuja kumachedwerako kubwera.

“Kuchedwerako pang'ono chabe, mayi,” anatero anamwinowo. “Musayembekezere mapiko.”

Madzulo ake Chikepe anatsuka mabotolo awiri a jamu, anawaumitsa, n'kuwaika patebulo. Anayamba kugawa ufa uja, supuni uku, supuni uku, osakondera. Amuna ake, amene amawotcherera zitsulo ndipo amabwera kunyumba maso ali psu, anamuyang'ana mpaka chitini chinafika theka.

“Amake Nthenga, chitini chimenechi a kochi apatsa mwana.”

“Apatsa nyumba. M'nyumba muno miyendo yothamanga ilimo inayi.”

Bambowo si olongolola. Anatenga sopo n'kupita kukasamba. Koma Lamlungu kunatulukira mlamu wake, mlongo wawo wa amuna akewo, atamanga nkhope ngati wabwera kudzapepesa maliro. Anayamba ndi kabudula wothina amene mayi wa ana atatu amavala pagulu. Anapitirira kunena kuti anthu akuseka, kuti zaka zothamanga zinapita ndi mphepo, ndipo anamaliza ndi mfundo imene ankaiona kuti ndi yosayankhika, yoti mayi weniweni amadya pomaliza, ana akakhuta. Chikepe anamuthirira tiyi, n'kumuyankha kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wakhala akudya pomaliza, nthawi zina osadya n'komwe, ndipo patebulo apitiriza kutero mpaka kufa, koma bwalo si mbale. Mlamuyo anachoka tiyi asanathe.

Zimene ananena anamwino zija, Chikepe anamufotokozera mwana wake zonse, osabisa kanthu. Nthenga anamvetsera akusewera ndi foni, n'kunena kuti zimenezo ndi za kuchipatala, za m'bwalo amadziwa ndi a kochi. Anapitiriza kumwa monga anyamata aja, supuni yosefukira pa masiku othamanga kwambiri okha, masiku ena botolo lili phee pawindo. Mayi anamuuza kachiwiri. Anamuuza kachitatu, mpaka mtsikanayo anafunsa ngati akufuna kuti ufa wake uthe msanga. Apo Chikepe anasiya kumuuza. Zinamupweteka kuti mwana wake angamuganizire zotero. Koma zoona zake n'zakuti pansi penipeni pa mtima panalinso kachimwemwe kena kochititsa manyazi, ndipo iye ankadziwa kuti kalipo.

Wake ufa ankaukulunga m'timapepala tinayi m'mawa uliwonse n'kutiika m'thumba la epuloni. Ankamwera m'kachipinda ka matsache, ndi tiyi ndi buledi, osayabwidwa ngakhale khutu limodzi. A kochi atamva kuti sakuyabwidwa anaseka, amvekere pa nkhalamba ufa sugwira. Akaweruka, Chikepe ankatsekera ndowa zake n'kukwera nsanjika khumi ndi ziwiri zija kasanu, mothamanga, alonda akumuwerengera pansi. Kunyumba iye ndi Nthenga ankaphikira limodzi, kuchapira limodzi, koma nkhani ya basi panalibe woiyamba.

Loweruka losankha lija linafika. Botolo la Chikepe linali litatsala pang'ono kutha, la Nthenga linali lisanafike n'komwe pakati. Mtsikanayo anathira masupuni awiri kuti abwezere, ndipo pofika kubwalo n'kuti akudzikanda m'makutu ndi m'khosi, anyamata akumuchemerera kuti lero yalowadi. Pachipata amuna ake a Chikepe anamugwira dzanja, chinthu chimene sachita pagulu, n'kumunong'oneza kuti akafika kumapeto akumbukire kuti ndi mwana wake. Ngati kuti iye akanatha kuiwala.

Pamzere panaima akazi asanu. Nthenga anawerama kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

“Amayi, mukandisiyira dala ndidziwa.”

“Manga nsapato.”

Zomusiyirazo Chikepe anali ataziganiza sabata yonse, pokolopa, potsuka mbale, pokwera masitepe. Anali asanagamule.

Wenzulo italira Nthenga anauluka monga mwa masiku onse. Pomaliza ulendo woyamba anali patsogolo ndi mapazi khumi, akazi atatu aja atatsala kale m'mbuyo, Chikepe akugunda pansi ndi kathamangidwe kake kosakongola. Mpata unayamba kuchepa mbali ya kutsidya kwa bwalo. Pofika pakona yomaliza mutu wa Nthenga unayamba kugwera chagada, manja akupalasa mphepo. Chikepe anafika paphewa pake. Anamva mmene mwanayo ankapumira, kulira kwa m'chifuwa komwe kuja ankakumva ali wakhanda akadwala chifuwa, ndipo mtima unamuuza kuti bwerera, wamupweteka mwana. Mapazi atatu kapena anayi anathamanga mogundana mapewa. Miyendo yake nayo inkawotcha, koma inali isanakane. Kaya unali ufa, kaya masitepe, kaya zaka makumi awiri zogwira ndowa, palibe angasiyanitse. Anadutsa, ndipo sanacheuke.

Anapambana ndi mapazi atatu. Palibe anaomba m'manja kupatula mnyamata wake wamng'ono, yemwe anasiya msanga ataona kuti ali yekha. Nthenga anadzigwetsa pa udzu chafufumimba. Mayi ake atabwera ndi botolo la madzi, anatembenukira kumbali.

A kochi anafika ndi fomu ndi cholembera, akumwetulira ngati munthu wodzapempha moto. Anati mayi mwaonetsa, tonse taona, palibe angakutsutseni. Koma kalabu imayang'ana kutsogolo, ndipo mwanayu ali ndi zaka zambiri zoti athamange, pamene inu, chabwino, mukudziwa nokha. Anthu anali atazungulira. Amuna ake ankayang'ana nsapato zawo. Aliyense ankadikira mawu amodzi aja amene mayi wabwino amanena pa nthawi ngati imeneyi, kuti onse apume, amuyamikire, azipita kwawo.

Chikepe anali akadapumira m'mwamba, manja ali m'mawondo. Anawongoka.

“Wotchi yanu yati wapambana ndani?”

“Yati inuyo, mayi, koma…”

“Ndiye lembani zimene yanena.”

Anatulutsa chiphaso chake m'thumba la juzi n'kuchigwira pafupi ndi fomuyo mpaka a kochi atakopera chilembo chilichonse, ndipo anawakonza pamene analakwitsa.

Kwa masabata atatu Nthenga sanamulankhule. Akafuna sopo ankatuma mlongo wake kuti akafunse amayi. Mlamu uja anayenda nayo nkhaniyo nyumba ndi nyumba, ndipo azimayi ena pampopi ankasiya kulankhula Chikepe akafika ndi ndowa. Tsiku lina masana anadzitsekera m'kachipinda ka matsache n'kulira mpaka epuloni inanyowa, chifukwa kusalankhulidwa ndi mwana amene unamunyamula miyezi isanu ndi inayi kumapweteka kuposa kona yomaliza iliyonse. Atatha anasamba kumaso pa sinki yotsukira mopu. Sanapite kwa a kochi kukasintha dzina, ndipo sanapepese kwa wina aliyense.

M'mawa wonyamuka amuna ake anamuperekeza pamene basi ya kalabu inaima, atamunyamulira chikwama. Anyamata othamanga anali atalowa kale, akuchita phokoso kumbuyo. Chikepe ataponda sitepe ya basi anaona Nthenga akubwera kuchokera kumsewu, manja ali m'matumba, nkhope ili gwa. Mtsikanayo analanda chikwama kwa bambo ake, anachikweza yekha, anachikankhira pansi pa mpando wa pawindo, n'kutsika. Anaima panja pa windolo akuyang'ana matayala.

“Mukakathera kumbuyo kumeneko musabwerenso kuno,” anatero. “Anthu aziti ndinagonja kwa nkhalamba wamba.”

Chikepe anangogwedeza mutu. Basi italiza injini anaika manja pamawondo, ndipo mantha anamugwira. Aka kanali koyamba kuchita mantha chiyambireni nkhani yonseyi, ndipo mantha ake anali okoma, a munthu amene akupita kukathamanga.