Chikwangwani cha Pazenera

Ndikamva fungo la katoni yonyowa, mtima umabwerera ku Bangwe, m'nyumba yathu ya lendi, dzinja lomwe ndinali mu Sitandade 6. Pakona ya pabalaza panali mulu wa makatoni a amalume a Daisoni, mlongo wawo wa mayi, amene ankagulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Mvula ikayamba sankatha kuyala katundu pansi, ndiye mabuku osayenda malonda ankawasungitsa kwathu. Ankanunkha chuku ndi mphemvu, ndipo mayi ankadandaula tsiku lililonse posesa.

Ine ndinabadwa ndi khungu lachialubino. Kuitanidwa kuti mzungu kapena napweri ndinali nditazolowera, ndipo ndinkadziwa kubweza mawu. Koma chaka chimenecho zinthu zinasintha. Pa wailesi pankamveka za ana onga ine akubedwa m'maboma ena, ena n'kupezeka atafa, ziwalo zitadulidwa. Anyamata a pasiteji anayamba kukuwa ndikamadutsa kuti ndalama ikuyenda, n'kumaseka. Kenako amake Yamikani, oyandikana nawo amene ankagulitsa makala, anauza mayi kuti kunabwera amuna awiri achilendo akufunsa nyumba ya kamzungu. Sabata yomweyo bambo anaitana wowotcherera kudzaika zitsulo pamazenera, nagula loko wamkulu. Sukulu inathera pomwepo.

Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, mayi ankagulitsa tomato mumsika. Onse ankachoka m'mamawa, n'kukhoma chitseko kunja. Ankandisiyira mbatata yophika, tiyi m'fulasiki, ndi chidebe chodzithandiziramo kuseri kwa chitseko. Malamulo anali akuti ndisayankhe wogogoda aliyense ndipo makatani asatsegulidwe. Tsiku ndinkalidziwa ndi makutu. Choyamba anzanga ankadutsa akupita kusukulu, nsapato zikuphwathika m'matope. Kenako chigayo chinkayamba kulira, kenako mayi wina wofuula nkhwani ndi therere. Masana malata ankatentha mpaka nyumba kusanduka uvuni, ndipo mvula ikagwa inkagogoda padenga mwamphamvu moti ngakhale ndikanakuwa palibe akanandimva. Pakampata ka katani ndinkaona kachidutswa ka phiri, kobiriwira, nthawi zina kophimbidwa ndi nkhungu.

Kusungulumwa ndi kumene kunanditsegulitsa makatoni aja. Ambiri anali mabuku a masamu ndi a zaulimi wa kumayiko ozizira. Pansi penipeni ndinapeza buku lopanda chikuto, la Chingerezi, lodzaza zithunzi. Maso anga ndi ofooka, ndiye ndinkawerenga mphuno itagunda pepala, chala chikutsata mzere. Mawu ambiri ankandipitirira, koma zithunzi zinkalankhula zokha. Panali mipopi iwiri ya madzi pakhoma limodzi, wina wolembedwa kuti wa azungu, wina wa anthu akuda. Panali ana akuda ataima kunja kwa mpanda wa sukulu, zala zitakolowekedwa pawaya. Masamba akutsogolo ankaonetsa khamu la anthu likuyenda mumsewu, litanyamula zikwangwani, apolisi akuwakhwirizira agalu. Ndinafufuza m'makatoni onse mpaka ndinapezanso ena awiri a nkhani zangati zomwezo. Lina linali la bambo wina amene anatsekeredwa zaka zambiri chifukwa cholankhula pamsonkhano. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono, ndikumvetsa mwina theka, koma pamene ankafotokoza za chidebe cha m'chipinda mwake ndinamva zonse.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu. M'mabukuwo khungu loyera ndilo linkatsegula zitseko. Ndinaika mkono wanga pafupi ndi chithunzi cha apolisi aja, ndipo ine ndinali woyera kuwaposa. Nanga bwanji wotsekeredwa ndinali ine? Lamlungu lina amalume atabwera kudzaona katundu wawo, ndinawasonyeza mipopi ija.

"Amalume, ine ndikanakhala kumeneko, ndikanamwa pampopi uti?"

Anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana ine. "Mphwanga, mabukuwa ndimangogulitsa. Funso limenelo landikulira."

Mayeso a teremu atayandikira, Yamikani, yemwe tinali kalasi imodzi, anandinong'oneza pazenera kuti aphunzitsi aleka kutchula dzina langa m'mawa. Tsiku limenelo sindinadye mbatata. Mawa lake, makolo atangochoka, ndinang'amba chivindikiro cha katoni, ndinatola khala pambaula, n'kulemba zilembo zikuluzikulu: NDITSEGULIRENI NDIPITE KUSUKULU. Ndinakoka katani lonse, ndinapanikiza chikwangwanicho pazitsulo, ndipo ndinaima kumbuyo kwake monga ankaimira anthu a m'zithunzi, chibwano m'mwamba.

Kuwala kunandibaya m'maso, koma mphepo inali yokoma. Ana a m'makomo anasonkhana, kenako akuluakulu. Ena ankawerenga mokweza n'kuseka, mayi wina anagwira pakamwa. Poyamba ndinkanyada. Kenako ndinaona bambo wina wa chipewa chofiira ataima patali pang'ono, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Sankaseka, sankalankhula ndi munthu. Ankayang'ana zenera, n'kuyang'ana loko wa pachitseko. Sindinamudziwe, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali wongodutsa chabe. Komabe manja anakana kutsitsa katoniyo.

Amake Yamikani anaimbira mayi foni. Mayi anafika akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, tomato atamusiya pabenchi popanda womuyang'anira. Atalowa anandimenya mbama, koyamba m'moyo wanga, kenako anandikumbatira mpaka mpweya kundithera.

"Walengeza Bangwe yense kuti umakhala wekha muno! Ukufuna ndikakutole kuti, mwana iwe?"

Bambo atabwera madzulo, mayi anawapatsa chikwangwanicho. Anakhala pampando, nachiyang'ana nthawi yaitali ngati kuti panalembedwa zambiri. Ndinkadikira chikwapu. Poona kuti sichikubwera, ndinalankhula mawu omwe ndinakhala ndikuwakonza masabata onse aja.

"Adadi, ondisakawo akuyenda panja momasuka. Ine sindinalakwe kanthu, koma ndi amene ndili m'ndende."

Anapukuta makala omwe anawadetsa zala, anadzuka n'kutuluka panja. Chakudya chawo chinazizira patebulo.

Lolemba m'mawa anandiuza kuti ndivale yunifolomu. Panja panali wilibala yobwereka, makina awo osokera atamangidwa pamwamba ndi malamba a mphira. Anali atagwirizana ndi mwini golosale ina yoyang'anizana ndi geti la sukulu yathu kuti azisokera pakhonde pake. Tinayenda limodzi, iwo akukankha wilibala, ine nditagwira lamba wa buluku lawo, chipewa changa chachikulu chitaphimba nkhope. Pasiteji paja palibe anakuwa. Ndili m'kalasi, pakakhala bata, ndinkamva kulira kwa makinawo kutsidya kwa msewu. Pa buleki ndikatuluka ndinkawapeza atadzutsa kale mutu.

Mvula itatha amalume anadzatenga makatoni awo, mabuku aja n'kupita nawo. Sindinadandaule kwambiri. Ndinkakhulupirira kuti ntchito yawo yatha: ndinachita zomwe anandiphunzitsa, ndinanyamula chikwangwani, ndipo chitseko chinatseguka. Kwa anzanga ndinkaifotokoza nkhaniyi modzitama.

Zomwe sindinkaziona ndi zoti makasitomala a masuti ndi madiresi a ukwati anatsala ku Limbe. Pakhonde la golosale paja bambo ankangosoka zigamba ndi mazipi a ana asukulu, ndipo nyama inasowa m'nyumba mwathu. Anakhala pamenepo mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8, osadwala, osapita kwina. Ngakhale maliro a achimwene awo ku Phalombe anangokaika n'kubwerako tsiku lomwelo. Panopa ndine wamkulu, ndimakwera minibasi ndekha, ndipo mabuku a ufulu ndawerenga ambiri, ndikumva mawu onse. Amanena bwino za amene anatuluka, koma za amene anakhala pampando wolondera kuti mnzake atuluke amanena zochepa. Chaka chatha ndinawafunsa bambo ngati zaka zimenezo sizinawatopetse. Anaseka, nati ndi nthawi yokhayo pa ntchito yawo imene anthu ankabweza zovala chifukwa msoko wakhota, poti maso awo sankakhala pansalu.