A Phiri Awiri, Dzina Limodzi

Ena ku Matero amanena kuti ntchito ya makompyuta ndinaipeza mwachibale. Zimenezo n'zabodza. Kampani ya boma kumene ndinkatayipa makalata itagulitsidwa, ndinakalemba mayeso pa kampani ina yogawa mankhwala, ndipo ndinakhoza. Anandipatsa miyezi itatu yoyesedwa pansi pa a Mulenga, mayi wa Chibemba woyang'anira makompyuta.

Madepo athu a ku Kanyama ndi ku Chawama ankalumikizana ndi likulu kudzera m'njira yotetezedwa ya pa intaneti yotchedwa VPN. Munthu sankalowamo popanda satifiketi yake, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wokhazikitsa kompyuta yosainira masatifiketiwo. Ndinayamba ndi kiyi yaikulu, imene ili ngati chidindo cha kampani, n'kuisunga pa disiketi m'kabati yokhoma. Kenako wantchito aliyense ndinamupangira kiyi yake, kulemba dzina lake pa pempho la satifiketi, n'kulisaina.

Lolemba loyamba zinthu zinasokonekera. Kalaliki wa ku Kanyama akalowa, wa ku Chawama ankatulutsidwa. Uyu akabwerera, winayo ankagwa. Maoda a mankhwala anaima, magalimoto ali pageti. Wa ku Chawama anandiimbira foni: "Imwe ba Tembo, vinthu vanu ivi vinichosa monga ndine kawalala!" A Mulenga anaima kumbuyo kwanga nati, "Ngati sivinasile lelo, mailo musabwele." Ankatanthauza kuti vutolo likapanda kutha tsikulo, mawa lake ndisabwerenso.

Mawaya anali bwino, nthawi ya pa seva, kompyuta yolandira olowa mu VPN, inali yolondola. Ndiye ndinawerenga mndandanda wa masatifiketi mzere ndi mzere. Makalaliki onsewo ndinawalemba kuti J. Phiri, chonsecho mmodzi anali Yosefe, amene dzina lake m'Chingerezi limayamba ndi J, winayo Jemusi. Seva inkangoyang'ana dzinalo, n'kuwayesa munthu mmodzi wofuna kulowa kawiri.

Ndinaika masatifiketi awiriwo pa mndandanda wa oletsedwa, ndinasaina atsopano okhala ndi dzina lonse ndi depo, n'kukwera minibasi kukawapereka ndekha. Magalimoto ananyamuka masana omwewo. Nditabwerera, a Mulenga anaseka: "Imwe ba ku Chipata, ma Phiri muli nawo angati kansi?" Ndinayankha kuti amene anayesa kuwawerenga anatopa. Ndinagwira nawo ntchito mokondwa mpaka kupuma kwanga.

Kuchokera tsikulo sindinalembepo dzina la munthu mwachidule. Ife tikamva kuti Phiri timafunsa kuti wa kuti, koma makina safunsa.