Mmene ndinasamutsira banja la mayi aang'ono ku Kaduya

Achinyamata akamandifunsa kuti munthu amakhala bwanji mmisiri wa detabesi, ndimawauza kuti ayambe agula tayi. Ine yanga ndinaigula pa kaunjika ku Limbe, tsiku lomwe ndinamaliza kosi ya kompyuta ya miyezi itatu. Sukulu yake inali kuseri kwa golosale, kompyuta imodzi, ife chigulu. Aphunzitsi ankaifunditsa nsalu ngati wodwala malungo, ndipo masiku ambiri tinkaphunzira kutaipa pa katoni yojambulidwa mabatani ndi bolopeni. Komabe satifiketi inatuluka, ya chidindo chofiira, ine n'kubwerera kwathu ku Mkhumba ndikuyenda monyang'wa.

Inali nthawi ija matipate atakhazikika, mabungwe ali mbwee ku Phalombe, lililonse ndi galimoto yake yoyera. Chaka cha njala chija, anthu akupulumukira kalongonda ndi makaka, bungwe lina logawa chimanga linandilemba ntchito. Abwana anali bambo wa m'tauni amene Chilomwe sankachimva ngakhale moni. Anati akufuna detabesi, ndiye kuti kaundula wa m'kompyuta wa mabanja onse oyenera kulandira.

"Anthu akumudzi ndi akathyali," anatero abwanawo. "Amalembetsa kawiri. Uwagwire."

Ndinagwedeza mutu kuvomera, ine wakumudzi yemweyo.

Tsono ntchito yeniyeni ya mmisiri si kutaipa ayi. Ndi kusankha msomali umodzi wokolowekapo zonse: kodi banja tilizindikira ndi chiyani? Ndinatsegula kabuku kanga ka ku Limbe. Chitsanzo chake chinali choyera bwino: pamwamba mutu wa banja, bambo, m'munsi mwake mkazi, kenako ana. Ndinakopera momwemo. Ndiye ndinawonjezamo lamulo langalanga limene ndinalinyadira koopsa. Dzina la bambo likapezeka kawiri, chaka chobadwa chofanana, kompyuta izisunga lolembedwa pomaliza, loyambalo izifufuta pamodzi ndi onse a m'munsi mwake.

Ha! Ine wobadwira ku chikamwini! Ine amene bambo anga enieni anabwera pamudzi pa amayi ndi mkeka ndi khasu, n'kudzachoka ndi mkeka wokha! Kwathu munda ndi wa mkazi, nyumba ndi ya mkazi, ana ndi a kuchikazi. Mwamuna amabwera, zikavuta amanyamuka. Zonsezi ndinkazidziwa ndisanayambe n'komwe kuvala kabudula, koma kabukuko kanali ka m'Chingerezi, ndiye ndinaona kuti kakudziwa bwino kuposa ine.

Lamulo langa linagwira ntchito modabwitsa. Mayina anayoyoka ngati mango a mphepo. Pamsonkhano abwana anandigwira chanza, kunditchula katswiri, anzanga n'kuwomba m'manja. Mndandanda unapita ku likulu ku Blantyre pa disiketi, n'kubwerako wosindikizidwa ndi wodindidwa, woti palibe angaukhudze ndi bolopeni.

Tsiku logawa chimanga kwathu, ndinakhala patebulo pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo. Pamzere panali mayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, amene anandiberekapo kumsana ndili khanda. Anali ndi ana asanu kunyumba ndi thumba lopanda kanthu lopinda bwinobwino m'khwapa. Miyezi iwiri m'mbuyomo iwo anali atathamangitsa amuna awo chifukwa chogulitsa nandolo wa m'nyumba n'kumwera kachasu. Bamboyo sanachedwe, anakalowa ukamwini wina ku Kaduya, ndipo olemba mayina atafika kumeneko anamulembanso ngati mutu wa banja.

Mayina anaitanidwa mpaka kutha. La kwa mayi aang'ono silinamveke.

Anabwera patebulo pang'onopang'ono. "Iwe, zikukhala bwanji? Si iwe ukulemba zimenezi?"

Ndinayendetsa chala papepala ngati ndikufufuza, koma kunali kungonamizira. Ndinali nditadziwa.

"Mayi, kompyuta ikuti banja lanu linasamukira ku Kaduya."

"Banja langa? Nanga ine ndaima panoyu ndine mzukwa?"

"Ikutsata dzina la bambo aja."

"Ndani anaiuza kuti nyumba yanga ndi ya chidakwa uja? Anaumba njerwa ndi iyeyo?"

Ndinati ndi mmene makinawa amagwirira ntchito. Ndinatero ndithu, maso ali gwa. Bodza limenelo limandiwawa mpaka lero.

Sanali okha. Kumbuyo kwawo kunasonkhana amayi ambiri, onse osiyidwa kapena othamangitsa, onse ofufutidwa ndi katswirine. Anayamba kulalata m'Chilomwe, mawu oti sindingawalembe pano, ena okhudza tayi yanga. Abwana anandinong'oneza kuti akuti chiyani. Ndinati akuthokoza bungwe, koma ali ndi kafunso kakang'ono.

Pambuyo pake nditawafotokozera zoona, abwana anadabwa kuti kuli dziko limene mwamuna amasamuka ngati munthu wa lendi. Anati ndikonze, mndandanda watsopano udzagwira ntchito mwezi wamawa. Kukonzako kunanditengera masana amodzi okha: pamwamba dzina la mayi ndi mudzi wake, bambo m'munsi, pamalo posavuta kuchotsa. Masana amodzi! Koma mwezi wamawa unali kutali, ndipo wamng'ono wa ana asanu aja mapazi anali atayamba kutupa. Malipiro anga anali asanatuluke. Kwa amayi nakonso kunalibe, tinali pakamwa pambiri.

Tsiku lachitatu mayi aang'ono anatenga ndowa n'kuuyamba wa ku Kaduya. Ndinabwereka njinga n'kuwalondola. Sanandiletse, sanandiyankhulenso.

Tinapeza bamboyo ali pampando pakhonde, mwendo pa unzake, thumba la chimanga likuonekera pakhomo. Mayi aang'ono, amene miyezi iwiri yapitayo anamuponyera malaya ake panja mudzi wonse ukuona, anagwada pafumbi n'kupempha chakudya cha ana ake omwe.

"Mwaona?" anatero bamboyo, akundiloza ine. "Ngakhale makina a azungu akudziwa mwini banja. Si choncho, aphunzitsi?"

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.  Mkazi wake watsopano anatenga ndowa ija m'manja mwa mayi aang'ono, kulowa m'nyumba, n'kuibweretsa yodzaza mpaka kusefukira, osawafunsa n'komwe amuna akewo.

Pobwerera ndinati, "Mayi, bweretsani ndimange panjinga, ulendowu ndi wautali."

"Ayi, ungachisamutsenso," anatero.

Anapinda nkhata, kudzitwika okha, n'kutsogola. Kuchokera ku Kaduya mpaka ku Mkhumba ndinayenda pambuyo pawo, ndikukankha njinga yopanda katundu.