Mlandu wa Tiyi wa Mwanahalima

Mukatsika minibasi pa Chia n'kumva mzimayi akukuuzani kuti chambo chimene mwagula kwa mnzake chinafa dzana, ameneyo ndi Mwanahalima, mwana wa mlongo wanga. Musakwiye. Amatero ndi aliyense, ngakhale ine Kalilu, malume ake, amene ndinamugulira yunifomu yoyamba. Sukulu anailekezera Sitandade 6, kundiposa ine ndi makalasi awiri, ndipo sachedwa kundikumbutsa.

Anabadwira konkuno. Kupala mamba anakudziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Atakula anakwatiwa ndi Zaidi, mnyamata wa ku Bua, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Zaidi anabwera chikamwini, tinamupatsa malo, anamanga nyumba ya njerwa zowotcha. Anali munthu wa phokoso labwino. Mpunga ankalima m'dambo ngati akupikisana ndi wina, ndipo pa bawo ankagonja kawirikawiri, koma ankanyoza mokoma moti wopambanayo ndiye ankachoka wamanyazi. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Chaka chija nyanja inakwera n'kumeza madambo, mpunga wa Zaidi unamira wonse usanache. Sanali yekha. Tonse tinalira, kenako tinapukuta kumaso n'kukabzala chinangwa kumtunda. Koma Zaidi sanadzuke. Anayamba wasiya bawo. Kenako anasiya kupita kumzikiti Lachisanu. Kenako kusamba komwe kunakhala ntchito. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, maso pa mpanda wa bafa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mukamupatsa moni, yankho linkabwera mochedwa ngati likuchokera pansi pa chitsime.

Apa ndiulule tchimo langa. Tsiku lina pa bawo wina anafunsa kuti mkamwini wanga wasowa bwanji. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Mwana wathu wamudyetsa kondaine, ndiye wapyoza muyezo." Mukuwadziwa mankhwala aja amene amati mkazi akathira m'chakudya, mwamuna amangoti phwii pakhomo ngati nkhuku yonyowa. Anthu anaseka, ine ndinaiwala. Koma mawu alibe miyendo, amangokwera minibasi. Asanathe masabata atatu anali atafika ku Bua.

Zimene ndikulemba tsopanozi ndinazidziwa pambuyo pake.

Mwanahalima anali atamutengera kale mwamuna wake kuchipatala, atamunamiza kuti akangoyezetsa malungo. Malungo sanapezeke. Anawatumiza kwa anesi a Keti, mayi wamfupi wa ku Dwangwa, wolankhula Chichewa chopendekera kumpoto, amene amaona odwala maganizo Lachitatu lililonse. Anesiwo sanatulutse jakisoni. Anakoka mpando n'kuyamba kufunsa za tulo, za chakudya, za zimene zinkamusangalatsa kale. Kenako anafunsa funso limene ife kuno sitifunsana.

"Bambo, munayamba mwaganizapo zodzipha?"

Zaidi anangogwedeza mutu kuvomera.

"Awa ndi matenda," anatero anesi. "Si ulesi, si misala, ndipo palibe anawalodza. Amachira, koma mwa kamba. Piritsi limodzi madzulo aliwonse, ndipo patha masabata angapo musanaone kusintha. Mapiritsiwo muzisunga ndinu, mayi. Zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo muchotse m'nyumba. Musamawasiye okha nthawi yaitali. Musamawakalipire kuti limbani mtima. Akanatha, akanalimba kale."

Pobwerera, asanafike pamsewu, Zaidi anaima.

"Mayi a Mariamu, lumbira. Munthu asamve kuti ndinalowa chitseko cha Lachitatu."

Chitseko chimenecho anthu kuno amachitcha cha amisala. Zaidi ankaopa kuti dzinalo likamumata, limatanso ana ake, makamaka Mariamu amene wakula. Mwanahalima anati, "Wallahi," ndipo lumbiro limenelo analinyamula yekha ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Madzulo ake anafika kwanga ndi thumba. Munali chingwe cha mbuzi, chingwe cha bwato ndi kabotolo ka mankhwala a mbozi.

"Amalume, ndisungireni izi."

"Wayamba kuopa akuba? Wakuba wake ndani wofuna chingwe chothetheka chotere?"

"Sungani basi."

Ndinasunga, ndipo sindinafunsenso. Imvi ndili nazo, koma nzeru tsiku limenelo zinali zitapita kotunga madzi.

Wogulitsa nsomba amadya ndi kulawira. Wofika koyamba padoko ndiye amasankha chambo chonona, wochedwa amatola makumba otsala. Mwanahalima anasiya kulawira, chifukwa m'mawa ndi pamene Zaidi ankalemedwa kwambiri. Ankayamba wamudzutsa, kumuikira madzi kubafa, kukhala naye mpaka phala litatha m'mbale. Akafika pamsewu, pakangopita maola awiri ankasiyira mnzake beseni n'kuthamangira kunyumba kukasuzumira. Katatu patsiku. Makasitomala anasamukira kwa ena. Ndiwo zinachepa. M'nyumba wailesi inazima, ana ankayenda monyang'ama ngati muli maliro. Iye mwini chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

Patatha sabata imodzi chiyambire kumwa, Zaidi anakana mapiritsi. Anati akumuumitsa kukamwa, akumupatsa chizungulire, ndipo palibe chikusintha. Mwanahalima anachonderera, analira, anakalipa, kenako anakumbukira kuti kukalipa analetsedwa. Ndiye anachita nzeru zake. Ankamanga piritsi pa mfundo ya chitenje, madzulo n'kuliphwanya ndi supuni, kuthira mu tiyi, n'kuwonjezera masupuni atatu a shuga kuti kuwawa kusamveke.

Ndi m'masiku amenewo pamene Fauzia anafika kuchokera ku Bua. Fauzia ndi mlongo wake wamkulu wa Zaidi, mayi wamasiye amene anamulera mayi awo atamwalira. Musamuone ngati munthu woipa. Anasiya mlongo wake ali chimunthu cha mapewa, anadzapeza mafupa atavala malaya, ndevu zili nyankhalala, moni akuyankha ngati mlendo. Ndipo m'makutu mwake munali kale nthabwala yanga ija, itakula m'njira n'kusanduka umboni.

Tsiku lachitatu madzulo, Fauzia analowa kukhitchini mwadzidzidzi. Anapeza mlamu wake akumasula mfundo ya chitenje, akuphwanya kanthu ndi supuni, akuthira m'kapu.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Tiyi."

"Tiyi wa kwanu kuno amathira za pa mfundo ya chitenje?"

Fauzia anakhuthulira tiyiyo pansi. Kuyambira tsiku limenelo ankamuphikira yekha mlongo wake, ngakhale madzi akumwa ankatunga yekha. Anaimbira foni a Khalidi, nkhoswe ya kuchimuna, kuti abwere Loweruka. Mawu anali achidule: Zaidi akutengedwa kupita ku Bua, za ukwati zithera pomwepo.

Mwanahalima anathamangira kwa anesi a Keti. Ankayembekeza kutonthozedwa, koma anayamba walandira chidzudzulo.

"Mankhwala obisa ayi, mayi. Munthu wamkulu ayenera kudziwa chimene akumwa. Mwalakwitsa, ngakhale mwalakwitsa ndi chikondi."

"Ndamva. Ndiye bwerani mudzawauze achibale kuti si kondaine."

"Matenda a munthu sindingaulule iye asanalole. Koma mwini wakeyo ndibwera kudzamuona."

Anabweradi Lachisanu masana, atavala chitenje ndi duku, basiketi m'manja ngati wodzagula nsomba. Ine ndinawaona akulowera kwa Mwanahalima ndipo ndinawauza kuti nyumba imeneyo nsomba zabwino zinatha kale. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Agogo, shuga munayezetsa liti?" Ndinalowa m'nyumba.

Anakhala kuseri atatuwo pafupifupi ola lathunthu, Fauzia ali kuchigayo. Mwanahalima anaulula yekha kwa mwamuna wake za tiyi uja, n'kupepesa. Anesi anamuuza Zaidi kuti masiku amene wakhala osamwa mankhwala ndi oopsa, ndiponso kuti chinsinsi ndi chake, palibe angamulande, koma adziwe amene akuchilipira. Anesi anatenga basiketi yawo yopanda nsomba n'kumapita.

Loweruka m'mawa tinayala mphasa pakhonde. A Khalidi uko, ine uku, Fauzia pafupi ndi mlongo wake, Mwanahalima yekha chapatali. Chikwama cha Zaidi chinali chitalongedzwa kale, chili pakhomo. Fauzia anafotokoza zimene anaona ndi maso ake, ndipo sanawonjezere ngakhale liwu limodzi.

Ndinatembenukira kwa mwana wa mlongo wanga.

"Mwanahalima, unkathira chiyani mu tiyi?"

"Sindinganene, amalume."

"Iwe, pamsewu umalankhula mpaka madalaivala kutseka mawindo. Lero lilime lakana kulira?"

"Sindinganene."

"Nenatu, mwana wanga. Banja likutha ili."

Anangoyang'ana pa mphasa, misozi ikugwera pa zala za kumapazi.

A Khalidi anakhosomola. "Ife sitinabwere kudzayambana, a Kalilu. Koma nkhani ya kondaineyi sitinaipeke ndife. Anthu akuti munainena ndinu nomwe, pa bawo, malume ake enieni."

Ndakhala pa milandu yambiri, ya mbuzi, ya malire, ya mimba. Sindinayambe ndasowa chonena ngati tsiku limenelo. Ndinati zinali nthabwala, koma mawuwo anatuluka owonda, ngakhale ine sindinawakhulupirire.

Fauzia anaimirira, nakonza mpango wake. "Achimwene, dzukani. Minibasi za m'mawa zingatisiye."

Zaidi anadzuka. Anachita kugwira chipilala, ngati nkhalamba yondiposa ine. Analowa m'nyumba, ndipo tonse tinati wapita kukavala nsapato. Mwanahalima anaphimba nkhope ndi chitenje. Tinadikira, tinadikiranso. Potuluka analibe nsapato. Anali ndi buku lake la kuchipatala, ndipo analiika pamiyendo pa a Khalidi.

"Werengani."

A Khalidi analitembenuza uku ndi uku, kenako anandipatsa ine. Zolemba za kuchipatala mukuzidziwa, zimakhala ngati nkhuku yapalasa. Ndinalibweza mwaulemu.

Zaidi anakhala pansi. Analankhula motsitsa, akupumira pakati pa mawu, maso ali pa mapazi ake.

"Ndikudwala maganizo. Ndinkafuna kudzipha. Anandiperekeza kuchipatala ndi uyu. Ndinamulumbiritsa ndine kuti asanene. Zimene ankathira ndi mapiritsi anga, amene ndinkakana."

A Khalidi anatseka bukulo.

"Tiyi wake anali woipa," anawonjezera patapita kanthawi. "Ndinkangoti dzanja lake lasintha."

Kenako anayang'ana mlongo wake. "Achemwali, ku Bua sindipita."

Fauzia anakhala pansi pomwe anaima paja. "Bwanji osandiuza ine? Ine amene ndinakubereka kumbuyo?"

"Manyazi."

"Ndiye ndinataya mankhwala ako pansi, ine ndemwe." Analira mopanda phokoso, manja ali pamutu. Amene anadzuka kukamugwira paphewa anali Mwanahalima.

A Khalidi anati mlandu palibe, ndipo anapempha madzi akumwa. Mwanahalima anawapatsa. Anawayang'ana madziwo kanthawi kochepa, kenako anachita manyazi ndi kuyang'anako, n'kumwa onse.

Musaganize kuti Zaidi anachira Lamulungu lake. Mapiritsi anayambiranso, akumwa yekha, akuliona piritsi m'dzanja la mkazi wake. Anesi a Keti anawaitana onse Lachitatu lotsatira, Fauzia yemwe, n'kuwagawira ntchito ngati kapitawo: uyu m'mawa, uyu masana, ndipo wodwala azithirira tomato wa kuseri, mizere iwiri yokha. Anati wosamalira wodwala akakhala mmodzi, chipatala chimadzalandira odwala awiri. Nkhani inamveka m'mudzi, ndipo alipo amene Zaidi akadutsa amati wamisala. Alipo enanso awiri amene anadzafunsa Mwanahalima chamseri kuti chitseko chija chimatsegulidwa nthawi yanji.

Ine ndinapita kukapepesa, nditanyamula nkhuku. Nkhukuyo analandira.

"Koma sizinathe, amalume. Lolemba ndi Lachinayi m'mawa muzikhala nawo ndinu, ine ndizipita kudoko."

"Ndiziwauza nthabwala?"

"Ayi. Muzingokhala."

Kukhala chete ndi ntchito imene sindinaiphunzire, ndipo ndaiyamba ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Masiku ena mkamwini wanga amalankhula, masiku ena ayi, ndipo anesi anati tsiku loipa tisamaliwerenge ngati kubwerera m'mbuyo.

Fauzia anakhala mwezi wathunthu. Pakamwa pake sipanatuluke mawu akuti pepani, si mtundu wake. Ankangodzuka m'mamawa, kusesa, kuphikira ana phala, n'kumuuza mlamu wake kuti, "Nyamukani, alamu, chambo sichidikira." Tsiku lobwerera kwawo anamasula yekha chikwama chija, anapinda malaya a mlongo wake n'kuwabwezera m'sutikesi ya mlamu wake. Mwanahalima anamuperekeza mpaka pamsewu, anamuikira nsomba zouma m'thumba, ndipo Fauzia anakwera minibasi ya ku Bua yekha.