Njuchi za m'masipika a bambo

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi wailesi yaikulu ya masipika awiri. Ndinali ndi zaka khumi. Magetsi anali atangofika kwathu ku Chiringa, ndipo pabalaza panali soketi imodzi yokha. Bambo analumikiza TV pamenepo. Ampu, kabokosi kopatsa mphamvu masipika, anaikokera chingwe kuchokera m'golosale yathu ya kumsewu, imene inali ndi mita yakeyake.

Poyamba nyimbo zinkamveka bwinobwino. Loweruka lina m'mawa ndinapukuta masipika ndi kansalu konyowa, chifukwa fumbi linali litachuluka. Masana ake bambo anagula kawaya kolumikiza TV ku ampu, kuti mpira uzimveka mwamphamvu. Atayatsa, masipika anayamba kung'ung'uza ngati njuchi zili m'phanga.

"Wagwira ndani wailesi yanga?" bambo anafunsa.

Kansalu kaja kanali kakadali pampando. Onse a m'nyumbamo anayang'ana ine.

"Wathira madzi m'masipika iwe. Kuyambira lero usapondenso pabalaza."

Kuyankha akuluakulu kunkandivuta, ndipo mpaka lero kumandivuta. Ndinkadyera kukhitchini, phokoso lija ndikulimvera pakhoma. Bambo anayanika masipika padzuwa ngati mpunga, koma phokosolo silinathe.

Tsiku lina malume a Fulaye, amene ankasamala zokuzira mawu za kutchalitchi, anabwera pa njinga kudzaona mayi. Anaima pabalaza n'kutchera khutu.

"Alamu, mwayamba kuweta njuchi m'nyumba? Uchi wake tidya liti?"

Bambo sanaseke. "Ndi mwana wanuyu, anathira madzi."

Malume anandiitana, ine n'kuima pakhomo poti mkati anali atandiletsa. Anayamba kuzula zingwe kumbuyo kwa ampu, chimodzichimodzi, akumvetsera. Atazula kawaya ka TV, kunangoti zii. Atakabwezera, njuchi zija zinabwereranso.

"Madzi alibe mlandu apa," anatero malume. "TV ikumwa magetsi a m'nyumba, ampu ikumwa a m'golosale, inu mwazimanga pamodzi ndi kawaya aka. Zimwe pachitsime chimodzi."

Anachotsa chingwe cha kugolosale, n'kulumikiza zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi, chingwe cha masoketi angapo, yochokera pasoketi ya pabalaza. Phokoso linatheratu.

Bambo sanapepese. M'mawa mwake anangondipatsa kansalu kouma. "Fumbi lachuluka uko," anatero, akuloza pabalaza.

Tsopano ndili ndi mwana wanga wamng'ono. Dzana ndinapeza foni yanga isakuchajika, iye ali pambali pake, manja ali phala lokhalokha. Mawu aukali anafika kukamwa, koma ndinawameza. Ndinabwereka chaja ya aneba, foni n'kuyaka. Chaja yanga ndi imene inali itafa.

Ndazindikira kuti wopezeka pafupi ndi chinthu chowonongeka amakhala woyamba kulozedwa chala, makamaka akakhala wosadziwa kudziyankhira. Choncho ine ndimayamba ndazula zingwe, chimodzichimodzi, ndisanafunse kuti wagwira ndani.