Fungo la sulushoni pa Euthini

Bambo a Tiwonge, lero pamsika wa Euthini ndadutsa pomwe amamata machubu a njinga, ndipo fungo la sulushoni landikumbutsa inu. Ndi yomwe ija munkamatira sandipepa pachimbale cha makina anu osalazira matabwa, kuti akatha muzingomatula ndi zala.

Tsiku lina nditabwera kovina za chipani, ndinakumatirani sandipepayo ndi guluu wa matabwa, ndimvekere ndikuthandiza. Tinapala ndi tchizulo mpaka masana, mwini chitseko chomwe munkakonza akung'ung'udza panja. Simunakalipe. Munangoti, "Mwalimbitsa chomene, amayi. Ameneyu timamata kuti adzachoke." Koma inuyo, mwamuna wanga, munandimata ndi guluu uja. Zaka zonsezi ndikupalabe, manja atopa, simukuchoka.