Mayi Maness ndi Mabuku Awo Awiri

Akhristu anzanga, mbiri ya Mayi Maness Goliati ndikuilemba misozi ili m'maso, koma mundikhululukire, poseketsa ndiseka ndithu.

Mayiwa anabadwira ku Nayuchi. Ali mtsikana ankatsata njanji popita ku Sande sukulu, nsapato atazisenza pamutu kuopa kuti zingathe. Atakwatiwa ndi a Chester anasamukira ku Utale, nalowa Mvano. Pamaliro anali oyamba kufika, otsiriza kuchoka.

Uchembere wachisanu ndi chimodzi unatsala pang'ono kuwatengera kumanda. Adokotala anati mimba ina ikhoza kuwapha, choncho anayamba kumwa mapiritsi olera. Koma apongozi awo ankafuna zidzukulu zodzaza bwalo. Mayi Maness anagula buku lachiwiri la kuchipatala, la zakulera zokha, nalibisa pansi pa buku la nyimbo m'chikwama cha Mvano. Piritsi ankameza akangoti amen m'mawa, osaphonya tsiku.

Kenaka anadwala TB. Kotenga mankhwala a chifuwa ankapita ndi buku loyamba, kwa anamwino a zakulera ndi lachiwiri. Patapita miyezi, bulauzi ya Mvano inayamba kuthina. Anaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti Ambuye awabwezera thupi, ife m'manja phwaphwaphwa. Abale inu, sabata yotsatira thupilo linayamba kukankha!

"Mayi, bwanji simunanene?" anafunsa namwino atayala mabuku onse awiri patebulo. "Mankhwala ena a TB amafooketsa mapiritsi amenewa."

"Iyayi, ine ndimati akafika m'mimba aliyense amadziwa kwake kolowera," anayankha.

Tinaseka, koma mantha anatigwira zedi. Amayi a Mvano anasala kudya, a Chester anasiya bawo. Mwa chisomo, Hudson anabadwa ndipo mayi ake anapulumuka.

Kuyambira pamenepo utumiki wawo unakula. Mayi aliyense wachitsikana akabwera ku Mvano, asanakhale n'komwe pamkeka, mafunso anali atayamba: "Magazi akuthamanga? Mutu waching'alang'ala? Mankhwala a khunyu? Fodya? Ukanene kwa namwino usanameze kanthu." Ngakhale akazi a abusa, Mayi Maness anawapisa m'chikwama kufuna buku lachiwiri. Ena ankawazemba podzera kumunda wa chinangwa, koma ambiri ali moyo lero chifukwa cha liuma lawolo.

Mwezi watha, Mayi Maness atafooka ndi ukalamba, Hudson, amene tsopano ndi bambo wa ndevu zake, anakhala pambali pawo nafunsa chimene chinamuvuta kuyambira ubwana.

"Amayi, anthu amati ndinabadwa mwangozi. N'zoona?"

Mayi Maness anamugwira dzanja. "Mabuku awiri anali anga, mwanawe. Mulungu ali nalo limodzi, ndipo iwe unalimo kale."

Anapempha nyimbo, nagona mwamtendere vesi lachiwiri lisanathe. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ife otsalafe, kuchipatala tizipita ndi buku limodzi.